Kumanga kutsidya, kugula ku Joni, ku Zambia kapena pakhomo: ndalama yanu ikagone kuti?

Ife a ku Ntcheu ndi ku Dedza, mawu oti "kunja" satichititsa mantha. Ukaima pa Lizulu n'kuwoloka msewu wa M1, wafika kale ku Mozambique, ndipo mayi amene akukugulitsa kabichi kutsidyako akuyankhula ngati iwe. Mukafunsana bwino mwina mupeza kuti agogo anu anali pachibale. Mabasi a ku Joni amatulukira pachipata cha Dedza kulowera ku Tete, ndipo midzi ndi yowerengeka kuno imene ilibe mwana wake ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. Choncho munthu akapeza kangachepe, kaya pa geni ya mbatatesi kaya pa ntchito ya ku Joni, ganizo lomanga kapena kugula nyumba m'dziko la eni limabwera lokha.

Funsoli ndalimva kambirimbiri, pamsika, pamaliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ndipo mayankho amene timapatsana ambiri ndi a mphekesera. Apa ndiyerekeza njira zinayi: Mozambique, South Africa, Zambia, ndi kumanga kwathu konkuno uli kunja. Ndineneretu zimene ndaona. Dziko limene tingalifike ndi phazi ndi limene malamulo ake amuika mlendo patali kwambiri, pamene lakutali lija, South Africa, ndi limene limatsegula chitseko, kungoti limafuna thumba lolemera ndi mapepala oyera.

Miyezo imene ndikugwiritsa ntchito

Woyamba ndi mtengo. Sindikunena ndalama yokha imene wogulitsa watchula, koma misonkho, loya, oyeza malo ndi maulendo. Chachikulu pa mtengo ndi mtundu wa ndalama imene mumapeza. Kwacha yathu inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi ngongole ya marandi koma akupeza makwacha anadzuka m'mawa ngongole yake itakula osabwereka kalikonse. Komanso kutulutsa ndalama zambiri m'dziko muno kukagulira katundu kunja kumafuna chilolezo chodzera ku banki yanu ndi ku Reserve Bank of Malawi, ndipo ndalama zakunja ndi zosowa.

Wachiwiri ndi kupezeka kwake: kodi lamulo la kumeneko limamulola mlendo, ndipo pepala limene angalandire likumupatsa chiyani? Wachitatu ndi kasamalidwe: ndani adzaziyang'anira, ndipo zidzadya zingati mwezi ndi mwezi? Wachinayi ndi zoopsa. Pamenepa ine ndimafunsa funso limodzi kwa aliyense wobwera kwa ine: mutatisiya mawa, akazi anu kapena amuna anu ndi ana adzanyamula pepala liti, kupita nalo ku ofesi iti, ndipo akayankhulako chinenero chanji? Amene wayamba kukanda mutu pa funsoli sanakonzeke kutulutsa ndalama.

1. Mozambique: Angónia, Tsangano, Ulongué ndi Tete

Mtengo. Pamaso, iyi ndiyo njira yotchipa. Malo a kumidzi ya kutsidya kawirikawiri amatchulidwa mtengo wotsika kuposa puloti ya pa Dedza boma, simenti siisowa, ndipo amisiri ndi omwewa amene amatimangira kuno. Koma mtengo umenewo ndi wa njira ya mseri. Njira ya lamulo ili ndi zake: oyeza malo, msonkhano wofunsa anthu a m'deralo, womasulira mapepala, maulendo a ku maofesi a boma mpaka ku Tete, ndi ndalama ya chaka ndi chaka ya malowo. Mukagula nyumba yomangidwa kale m'tauni, pali msonkho wosinthira umwini wotchedwa SISA, wa 2 peresenti.

Kupezeka kwake. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene abale ambiri agwera. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma. Malamulo aakulu a dzikolo amatero, ndipo lamulo la malo la 1997 limanena momveka kuti malo sagulitsidwa, sapinyolitsidwa, sakhala chikole cha ngongole. Chimene munthu amalandira ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene amautcha DUAT. Mlendo payekha angaupeze pokhapokha atakhala m'dzikomo movomerezeka zaka zosachepera 5, ndiponso ali ndi ntchito yachitukuko imene boma laivomereza. Njira ina ndi kudzera m'kampani yolembetsedwa komweko. Akakulolani, poyamba amakupatsani chilolezo chongoyembekezera cha zaka 2 kuti muonetse kuti mukuchitadi zimene munalonjeza, pamene nzika imapatsidwa zaka 5. DUAT ya bizinesi imafika zaka 50, ndipo ikhoza kuwonjezeredwa.

Eni dziko ali ndi njira zina zosavuta: malo a makolo, kapena malo amene munthu wakhalapo mwachilungamo zaka 10. Njira zimenezi ndi za nzika zokha. Mmalawi angalime munda kutsidya zaka 20, mfumu ikumudziwa, koma zakazo sizimuwerengera kanthu pamaso pa lamulo.

Ndiye pali mfundo imene ikutikhudza ife a m'malire kuposa wina aliyense. Lamulo lomwelo linapatula makilomita 2 kuchokera pamzere wa malire kulowa mkati kukhala malo otetezedwa, ndipo m'menemo DUAT siiperekedwa; mumangoperekedwa zilolezo zapadera za ntchito zina. Tangoganizani kumene ambiri timakhumbira kumanga: m'mphepete mwa msewu, moyang'anizana ndi Lizulu, Mlangeni, Biriwiri, pa mphambano ya Tsangano. Onsewo ndi malo a m'kati mwa makilomita awiri aja.

Malume anga anazionera pafupi. Geni ya mbatatesi itawayendera, mfumu ina ya kutsidya, imene ankaitana kuti achimwene chifukwa cha mfunda umodzi, inawalozera malo pafupi ndi msewu. Anapereka mbuzi ndi ndalama, mboni zinalipo, ndipo analemberana pepala la m'kope, la m'Chichewa, chidindo cha mfumu pansi pake. Pepalalo ankalisunga m'jumbo ya shuga, mkati mwa Baibulo. Anamanga shedi yosungiramo matumba ndi zipinda ziwiri za mashopu. Mfumu ija itamwalira, adzukulu ake anabwera n'kunena kuti malowo ndi a banja. Malume anatenga jumbo yawo ulendo ku ofesi ina ya kumeneko. Amene anawalandira analitembenuza pepalalo uku ndi uku, n'kuwabwezera ndi ulemu wonse, amvekere: "Bambo, ichi ndi chikumbutso chabe cha zimene munagwirizana. Kuno malo sagulitsidwa." Ndinapita nawo tsiku lokasasula. Tinazula malata, zitseko ndi mafelemu, n'kukweza pa ngolo ziwiri. Makoma tinawasiya. Pobwerera sanayankhule kanthu mpaka titawoloka msewu, ndipo ine mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa.

Njira imene ili yoyera kwa mlendo ndi kugula nyumba yomangidwa kale m'tauni ngati Ulongué kapena Tete, yolembedwa m'kaundula wa nyumba. Nyumba imagulitsidwa, ndipo m'tauni ufulu wa malo umatsata nyumbayo. Pamafunika nambala ya msonkho yotchedwa NUIT, ndi loya wakomweko woti akaone m'kaundula ngati wogulitsayo alidi mwini wake.

Kasamalidwe. Ubwino wa Mozambique uli apa. Kuchoka pachipata cha Dedza kukafika ku Ulongué ndi ulendo waufupi, mukhoza kupita m'mawa n'kudzadya nsima ya madzulo kwanu. Denga likadontha mumva tsiku lomwelo. Chovuta n'chakuti pamsika timamvana m'Chichewa, koma pepala lililonse la boma, la msonkho ndi la khoti ndi la Chipwitikizi.

Zoopsa. Chachikulu ndi kulembetsa m'dzina la mnzanu kapena m'bale wa kutsidya. Pamapepala zonse ndi zake, ndipo iye akamwalira ndi za ana ake. China ndi kupeza chitupa cha unzika wa kumeneko mwa bodza. Umenewo ndi mlandu, ndipo tsiku limene mkangano udzabuke ndi pamene adani anu adzazivumbulutse. Amene bambo kapena mayi ake ndi a ku Mozambique enieni ali ndi njira yovomerezeka yofunsira unzika, ndipo ayambe ndi imeneyo asanaumbe njerwa. Musaiwalenso zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha Okutobala 2024, pamene misewu inkatsekedwa ndi mashopu kuthyoledwa m'matauni ena. Akuluakulu athu akukumbukira othawa nkhondo amene anadzaza Dedza ndi Ntcheu mtendere wa 1992 usanabwere.

2. South Africa

Mtengo. Iyi ndiyo njira yolemera. Pamwamba pa mtengo wa nyumba pali malipiro a loya wosintha umwini. Amamusankha ndi wogulitsa, koma wolipira ndi wogula. Ngati mwatenga ngongole, kuilembetsa kulinso ndi malipiro ake. Msonkho wa boma wosinthira umwini superekedwa pa nyumba yosapitirira R1,210,000, malinga ndi malire amene anayamba pa 1 Epulo 2025. Kupitirira apo umayambira pa 3 peresenti ya ndalama yopyolayo n'kumakwera. Kwa munthu wosakhala m'dzikomo, mabanki amabwereketsa theka lokha la mtengo, theka linalo muturutse m'thumba. Amene ali ndi pemiti ya ntchito ndi mapepala a malipiro akhoza kupatsidwa yoposa theka, koma banki imayang'anitsitsa tsiku limene pemitiyo ikutha. Ndalama zochokera kunja zilowe kudzera ku banki, ndipo mapepala ake muwasunge ngati mazira, chifukwa ndi amene adzakulolani kutulutsa ndalama mukadzagulitsa.

Kupezeka kwake. Mwa maiko atatuwa, South Africa ndi yokhayo imene mlendo wamba angagule nyumba ndi nthaka yake yomwe, dzina lake n'kulembedwa ku Deeds Office, ofesi ya kaundula wa nyumba ndi malo, ngati mwini wake weniweni. Amafuna pasipoti yamoyo, umboni wa kumene mukukhala, umboni wa kumene ndalama zachokera, ndi nambala ya msonkho ya ku SARS, bungwe lotolera misonkho kumeneko. Ntchito yonse imatenga pafupifupi miyezi itatu. Pepala lotchedwa Offer to Purchase musalione ngati lofunsira chabe: mukangosaina nonse awiri, mwamangika. Ndalama ya chikole ipite ku akaunti yapadera ya loya, osati m'manja mwa munthu, ngakhale atavala jekete yokongola chotani.

Zinthu ziwiri zimene abale ambiri sazidziwa. Choyamba, nyumba siibala pemiti. Mukhoza kukhala ndi nyumba ku Johannesburg koma pachipata n'kudindiridwa masiku 30 okha monga mlendo wina aliyense. Chachiwiri, lamulo la zolowa ndi kutuluka la 2002 limaletsa kugulitsa kapena kubwereketsa nyumba kwa munthu amene akukhala m'dzikomo popanda chilolezo. Choncho chitseko chimene ndanena kuti n'chotsegula chatsegukira okhawo amene mapepala awo ali bwino.

Amene mapepala awo sali bwino ndi amene amakodwa ndi nyumba za RDP ndi masitandi a m'mikhukhu. Nyumba ya RDP boma limapereka kwa nzika zosauka, ndipo wolandirayo saloledwa kuigulitsa zaka 8 zisanathe. Mlamu wanga wina anapereka ndalama imene anasunga zaka zambiri akugwira ntchito ya m'munda wa maluwa, n'kulandira makiyi ndi pepala lolumbira lodindidwa kupolisi. Anaika matailosi, anamanga zipinda ziwiri kuseri. Wogulitsa uja atamwalira, mwana wake anabwera ndi pepala la umwini lili m'dzina la mayi ake. Mlamu anandiimbira usiku. "Alamu, ndiye pepala langali lilibe ntchito?" Ndinasowa chomuyankha. Pepala lolumbira limangochitira umboni kuti munthu ananena mawu akutiakuti. Silisuntha umwini wa nyumba.

Kasamalidwe. Nyumba ya ku Joni imadya mwezi uliwonse, mukhalemo musakhalemo. Pali msonkho wa khonsolo, madzi, magetsi, zinyalala ndi inshulansi. Ngati ndi fulati, pali levy yopita ku bungwe la eni mafulati, ndipo chikepe kapena denga zikawonongeka amawonjezera ina yapadera. Musanagule fulati pemphani kuona mabuku a ndalama a bungwelo. Ngati eni ambiri salipira, ngongole ya madzi ndi magetsi idzakugwerani nonse. Mukaikamo alendi, lendiyo imalipira msonkho ku SARS, ndipo mlendi akasiya kulipira simungamutulutsire katundu panja monga timachitira kuno. Lamulo la 1998 limafuna chigamulo cha khoti, ndipo miyezi imatha inu mukulipira banki.

Zoopsa. Kwa eni kulibe mkuwe. Tonse tikukumbukira 2008, 2015 ndi 2019, pamene alendo ankathamangitsidwa; mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu. Pothawa munthu amanyamula chikwama, nyumba imatsala. Mukapyola masiku amene anakudindirani ndi kupitirira mwezi, pachipata amakuletsani kulowanso kwa zaka 5, ndipo nyumba yanu mudzangoimvera pafoni. Mafulati otchipa kwambiri pakati pa Johannesburg muwaope: nyumba zina zinalandidwa ndi magulu amene amatolera lendi okha. Moto wa mu Ogasiti 2023 ku Marshalltown, umene unapha anthu oposa 70, Amalawi ali momwemo, unabuka m'nyumba yotereyi. Pogulitsa nyumba yopitirira R2 miliyoni, munthu wosakhala m'dzikomo amamugwirirako 7.5 peresenti ya mtengo kudikira kuwerengera msonkho. Ndipo lembani wilo komweko, chifukwa chuma cha womwalira chimadzera ku ofesi ya Master of the High Court, ndipo mayi wamasiye wochokera kwa Kachindamoto kapena kwa Ganya sangayende njira imeneyo yekha.

3. Zambia

Pano sindichedwapo, chifukwa kwa ife a Dedza ndi Ntcheu njirayi imakhudza ochepa, makamaka amene anakwatira kapena kukwatiwa ku Chipata, Katete ndi Lusaka.

Mtengo. Msonkho wosinthira umwini unakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8 peresenti mu Januwale 2025. Amalipira ndi wogulitsa, koma amauphatikiza pamtengo. Loya ndi oyeza malo ndi anu.

Kupezeka kwake. Lamulo la malo la 1995 linaika nthaka yonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo chimene munthu amalandira ndi lizi yofika zaka 99. Mlendo amaloledwa ngati ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ngati walembetsedwa monga wobweretsa chitukuko kudzera ku Zambia Development Agency, ngati Pulezidenti wavomereza molemba, kapena ngati walandira malowo monga chuma chamasiye. Kampani imaloledwa ngati magawo 75 pa 100 ali m'manja mwa nzika. Ife Achewa timapita ku Kulamba ku Mkaika kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi pamodzi ndi abale a ku Zambia ndi Mozambique, ndipo umodzi umenewo ndi weniweni, koma ku ofesi ya malo amafunsa chitupa. Kalata ya mfumu yokha siikwana; malo a mfumu amasanduka lizi pokhapokha khonsolo ndi mkulu woona za malo atavomereza.

Kasamalidwe. Mapepala ndi a Chingerezi, chinenero cha pamsewu timamva, ndipo zimenezi zimapepula kwambiri poyerekeza ndi kutsidya. Pali ndalama ya lizi ya chaka ndi chaka ndi msonkho wa khonsolo. Ulendo ndi wodzera ku Lilongwe ndi Mchinji, wosatheka kupita ndi kubwera mwachisawawa.

Zoopsa. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, ndi kulembetsa m'dzina la mnzanu wa pabanja yekha. Kafufuzeni ku unduna wa malo musanapereke kalikonse.

4. Kumanga kwathu muli kunja

Ena ati iyi si nkhani ya kunja. Ndaiikapo dala, chifukwa ndalama ndi imodzi, ndipo amene ali ku Joni akusankha pakati pa fulati ya kumeneko ndi nyumba ya pa Ntcheu boma, Bembeke kapena Chimbiya.

Mtengo. Randi ikasinthidwa imabala makwacha ambiri, koma mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo siigona. Kutumiza ndalama kuti zizidikira ku akaunti n'kuziyika padzuwa kuti zisungunuke. Tumizani pamene pali chogula, ndipo chigulidwe sabata yomweyo. Ubwino waukulu ndi wakuti kuno timamanga pang'onopang'ono popanda ngongole: chaka chino maziko, chaka chamawa pa lintala, kenako denga. Ku Joni banki siidikira kuti mwachotsedwa ntchito.

Kupezeka kwake. Nzika ili ndi njira zonse: malo a makolo, puloti ya khonsolo, kapena lizi ya boma yofika zaka 99. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa kwambiri zopereka malo kwa amene si nzika. Matchona amene anatenga unzika wa South Africa amvetse apa: pobwera kuno akhoza kupezeka kuti alendo ndi iwowo. Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa maiko awiri mu Disembala 2018, choncho yambani mwakonza mapepala a unzika musanagule. Madobadoba a maputoli achuluka m'matauni athu. Kafunseni ku khonsolo ndi ku ofesi ya malo, ndipo onetsetsani kuti simukumanga m'malo a msewu.

Palinso nkhani imene timaopa kuikamba, ya chikamwini. Bambo akamanga nyumba ya malata pamudzi pa mkazi wake, wamanga pa nthaka ya mbumba ya eni. Banja likatha kapena mayi akatsogola, amachoka ndi chikwama. Mayi wa chitengwa zimamuchitikiranso chimodzimodzi kwa mwamuna. Sindikunyoza mwambo, ndinakuliramo. Koma nyumba yaikulu ya thukuta la zaka khumi imangidwe pa puloti yogula, yolembedwa maina a onse awiri, ndipo kumudzi kukhale yaing'ono yofikirako.

Kasamalidwe. Misonkho ndi yopepuka poyerekeza ndi maiko enawa. Adani ndi chiswe, chinyezi cha chifunga cha ku Dedza chimene chimadetsa makoma, ndi mphepo ya m'mapiri yosasula madenga okhomedwa mwaulesi. Kulumikiza magetsi a ESCOM ndi madzi a Central Region Water Board kumafuna munthu woyendera. Nyumba yosakhalamo munthu imakalamba msanga, koma yoikamo m'bale lendi yake ndi "tikuonani mwezi wamawa".

Zoopsa. Nkhani za ndalama zodyedwa tonse timazidziwa, ndipo zagawanitsa mabanja ambiri. Mankhwala ake ndi kugawa ntchito: wosunga ndalama akhale wina, wogula zipangizo wina, mmisiri alipidwe gawo likatha. Zithunzi zokha musakhutire nazo. Imbani foni ya kanema pa WhatsApp, ayambire pamsewu pamene pali mtengo kapena chulu chimene mukuchidziwa, ayende mpaka m'nyumbamo, akuwerengereni matumba a simenti otsala. Chachiwiri, lendi ya kuno ndi yochepa ndipo ndi ya makwacha. Amene akufuna phindu lofulumira akhumudwa. Za kulanda chuma chamasiye, lamulo la 2011 linakusandutsa mlandu, koma wilo yolembedwa bwino ndi imene imatseka pakamwa achibale tsiku la kusesa.

Ndiye ndani atenge iti?

Ngati muli ku Joni ndi chilolezo chokhazikika kapena pemiti ya nthawi yaitali, malipiro anu ndi a marandi, ana akuphunzira komweko, ndipo lendi imene mukulipira ikuyandikira ndalama imene banki ingafune pamwezi, gulani komweko. Gulani yolembedwa ku Deeds Office, kudzera kwa loya, m'dera limene mungagone tulo. Ngakhale zili choncho, kapuloti kwanu kasasowe.

Ngati muli ku Joni koma masiku anapitirira kalekale, musagule kalikonse kosanyamulika: RDP ayi, sitandi ayi. Lipirani lendi ya chipinda, yotsalayo izipita ku Ntcheu kapena ku Dedza gawo ndi gawo.

Ngati mumapeza makwacha konkuno, kaya ndinu mphunzitsi, namwino kapena wa golosale, fulati ya ku South Africa ikufinyani. Theka la mtengo, chilolezo chotulutsira ndalama, levy ya marandi mwezi uliwonse: zonsezi zikutsamira pa kwacha imene inagwa kawiri m'zaka ziwiri, mu 2022 ndi 2023. Mangani kuno.

Ngati mnzanu wa pabanja ndi wa ku Zambia ndipo mwatsimikiza kukhazikika kumeneko, yambani ndi chilolezo chokhazikika, kenako mugule m'maina a nonse awiri. Ngati mayi kapena bambo anu ndi a ku Angónia, konzani unzika mwa njira yake, ndipo mukatero malo a makolo adzakhala anu monga mwana wa pamudzi. Wabizinesi wamkulu amene katundu wake amayenda pakati pa Tete ndi Lilongwe alembetse kampani komweko, apeze loya womva Chipwitikizi, agule nyumba ya m'kaundula m'tauni.

Otsala ndi ambirife, a geni ya mbatatesi, nyemba, kabichi ndi chimanga, amene timangofuna posungira matumba pafupi ndi alimi a kutsidya. Kwa ife yankho ndi lendi. Pezani shedi ya mwini wake wa komweko, mulipire nyengo yokolola yokha, ndipo chilichonse chimene mungawonjezerepo chikhale chozula: chitseko chachitsulo, sikelo, mapaleti. Nyumba ya njerwa imangidwe mbali ino ya msewu. Malume anga ndi mmene akuchitira tsopano. Amalipira shedi kutsidya kwa miyezi inayi pachaka, ndipo malata aja tinakweza pa ngolo ali padenga la mashopu awo atatu mbali ya kuno, pa puloti imene pepala lake lili m'dzina lawo ndi la azakhali.